Dokotala wolipilidwa pa mwezi: nzelu ya ku America ingakwane m'thumba la wa ku Kafue?

Aliyense wa ku Kafue amene ali ndi amayi kapena atate odwala BP amaudziwa ulendo uwu. Mudzuka mbandakuca, mukwela minibasi kucoka ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound, mufika pa kiliniki mupeza mzele unayamba kale. Nthawi yanu ikakwana, amene akhala kuseli kwa tebulo si uja munapeza mwezi watha. Ndiye muyambanso nkhani yonse: matenda anayamba liti, amamwa mapilisi ati, ndi ati amene anawacititsa cizungulile.

Anchito a zaumoyo sacita dala. Odwala ndi ambili, iwo ndi ocepa, ndipo amagwila nchito mosinthana. Koma kwa munthu wa BP, shuga kapena asima, amene adzafuna cithandizo moyo wake wonse, kusakhala ndi dokotala mmodzi womudziwa ndi vuto lalikulu.

Vuto limeneli ndilo limasonkhanitsa madokotala a mabanja ku United States caka ndi caka, pa msonkhano wochedwa DPC Summit, umene bungwe la American Academy of Family Physicians limakonza pamodzi ndi mabungwe ena. Zilembo za DPC ziimila Direct Primary Care. Nzelu yake njosavuta: wodwala amalipila dokotala wake mwacindunji ndalama yoikika mwezi uliwonse, nthawi zambili pakati pa madola 50 ndi 100, popanda kampani ya inshuwalansi pakati pawo. Akatelo, angaonane naye nthawi iliyonse imene afuna, kumutumila foni kapena meseji, osalipilanso pa khomo.

Dokotala amene wapita ku msonkhano umenewu sakaphunzila matenda atsopano kwenikweni. Amakamva mmene anzake amaikila mitengo, mmene amalembela mapangano ndi odwala, zimene malamulo amalola, ndi mmene amagulila mankhwala pa mtengo wa holoselo kuti odwala awo asawononge zambili. Ambili amapitako atatopa ndi kudzaza mafomu a inshuwalansi ndi kuona munthu kwa mamineti ocepa cabe. Dokotala wamba wa banja ku America amakhala ndi odwala 2,000 kapena kuposelapo, pamene wa DPC nthawi zambili amasunga 600 kufika 800. N'cifukwa cake amakhala ndi nthawi yomvetsela.

Manje funso n'lakuti, zimenezi zingatheke kuno m'mbali mwa mtsinje wa Kafue?

Kulipila pang'onopang'ono pa mwezi si cacilendo kwa ife. Amayi a pa maliketi ali ndi cilimba, m'makomboni muli magulu a village banking, ndipo wa pa nchito aliyense amaona NHIMA pa payslip yake. Bungwe limeneli linabwela ndi lamulo la National Health Insurance Act la 2018, ndipo kucokela mu 2019 wanchito amadulidwa 1 pelesenti ya malipilo ake, abwana n'kuikapo 1 pelesenti ina. Komanso tauni ino inakula ndi mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, pa nthawi imene nchito ya pa kampani yaikulu inali kubwela ndi nyumba ndi cisamalilo ca banja. Ku Copperbelt, ZCCM inali ndi zipatala zake za anchito a m'migodi. Acikulile amene anaona masiku amenewo adziwa ubwino wolowa m'cipinda n'kupeza munthu wodziwa dzina lako ndi la ana ako.

Koma ndalama ndiye pali nkhani. Mu 2024, madola 50 anali pafupifupi K1,300, amene anali malipilo ocepetsetsa a mwezi wonse amene boma linaikila wanchito wa m'nyumba. Olo mtengo utatsitsidwa kuti ulingane ndi Zambia, wogulitsa nsomba kapena wopalasa wilibala sangalonjeze ndalama yoikika mwezi ndi mwezi, cifukwa mwezi wina malonda ayenda, wina kulibe. Ndipo boma linacotsa malipilo a pa makiliniki a kumidzi mu 2006, kenako mu 2012 pa makiliniki onse a cithandizo coyambilila, cifukwa ndalama ya pa khomo inali kubweza osauka.

Cina n'ciwelengelo ca madokotala. Ngati dokotala mmodzi asankha kusamala anthu 600 cabe, ena onse apita kuti? Olo ku America komwe anthu otsutsa DPC amafunsa funso limeneli. Kuno, ngakhale kuti boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, pa kiliniki ya m'komboni amene amanyamula mtolo waukulu ndi ma clinical officer ndi manesi. Dokotala aliyense wocoka ku cipatala ca boma kupita ku gulu la olipila amasiya mzele wotalikilapo kumbuyo kwake.

Nzeluyi simapambananso nthawi zonse. Kampani ya Qliance ya ku Seattle, imodzi mwa zoyambilila kucita DPC, inatsegulidwa mu 2007, inalandila ndalama kwa anthu olemela monga Jeff Bezos, koma inatseka zitseko mu 2017. Odwala ake anayamba kufunafuna kwina.

Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, ndalama ya pa mwezi imathela pa khomo la kiliniki. Ngozi ya pa mseu wa Lusaka, opaleshoni ya mayi woyembekezela kapena kugonekedwa m'wodi zimafuna Kafue General Hospital kapena UTH, imene ili pa mtunda wa makilomita oposa 40. N'cifukwa cake madokotala a DPC amalangiza odwala awo kuti akhalebe ndi inshuwalansi ya matenda aakulu. Kwa ife ndiye kuti kadi ya NHIMA siyofunika kuitaya.

Conco ngati kiliniki ya pulaiveti ikuuzani za sikimu ya pa mwezi, funsani mafunso musanatulutse ndalama. Kodi kiliniki ndi amene akuonani ali ndi laisensi ya Health Professions Council of Zambia? Kodi mudzaonana ndi munthu mmodzimodzi nthawi zonse, kapena aliyense amene ali pa shifiti? Mankhwala ndi kupimitsa magazi zili m'kati mwa mtengo? Nanga mukalephela kulipila mwezi umodzi, cicitika n'ciani? Mayankho alembedwe pa pepala, osati pakamwa cabe.

Kwa ambili a ife amene tidzapitiliza kuima pa mzele wa kiliniki ya boma, pali zimene tingacite popanda kulipila ngwee. Sankhani kiliniki imodzi n'kumamatila, m'malo mothamanga lelo ku Nangongwe, mawa ku tauni. Sungani kadi yanu ya ku kiliniki pamalo amodzi. Gulani kabuku, muzilembamo manambala a BP kapena shuga, tsiku, ndi maina a mankhwala monga alembedwela pa kapaketi. Funsaninso dzina la amene wakuonani, ndi masiku amene amapezeka. Mwezi wamawa amayi akapeza nkhope yacilendo kuseli kwa tebulo, kabuku kaja kadzawakambila nkhani yonse.