Madzi a Thanzi: Chifukwa Chake Lita Iyenera Kukwana

M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anaononga mipope ndi zitsime zambiri m'boma la Mulanje, pa nthawi imene dziko la Malawi linali kulimbana ndi kolera amene anayamba mu 2022. Kwa Chambe, m'munsi mwa phiri la Mulanje, monganso m'madera ena, chida choyamba cha mayi pamene mwana watsegula m'mimba ndi paketi ya Thanzi. Koma paketiyo imapulumutsa moyo pokhapokha itasungunulidwa m'madzi okwana lita imodzi. Masamu ochepa akhoza kusonyeza chifukwa chake.

Zimene zili m'paketi

Mu 2002 bungwe la WHO ndi la UNICEF anagwirizana za muyezo watsopano. Paketi imodzi imalemera magalamu 20.5. Mwa amenewa, 13.5 ndi shuga wa gulukosi, 2.6 ndi mchere wamba, ndipo otsalawo ndi michere ina iwiri. Matumbo amayamwa sodiyamu wa mu mchere limodzi ndi gulukosi, ndipo madzi amatsatira pambuyo. Choncho ziwirizi ziyenera kukhala zofanana kuchuluka kwake.

Akatswiri a mankhwala amawerenga timagawo tosaoneka ta chinthu ndi muyezo wotchedwa mole, monga mmene wogulitsa mazira amawerengera ndi thileyi. Mole imodzi ya gulukosi imalemera magalamu 180. Kuchuluka kwa ma mole mu lita imodzi ya zosungunulazo ndiko kumatchedwa molarity.

Kawerengedwe kake

Choyamba, magalamu 13.5 agawidwe ndi 180. Yankho lake ndi mole 0.075 ya gulukosi.

Chachiwiri, papezeke kulemera kwa zonse pamodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera magalamu 1,000. Kuonjezerapo ufa wa m'paketi, zonse zikwana magalamu 1,020.5.

Chachitatu, kulemerako kusandutsidwe malita. Apa pafunika kudziwa kulemera kwa mililita imodzi, kumene kumatchedwa density. Mililita imodzi ya madzi a Thanzi imalemera pafupifupi galamu 1.01. Kugawa 1,020.5 ndi 1.01 kumapereka mamililita 1,010, ndiye kuti malita 1.01.

Chomaliza, mole 0.075 igawidwe ndi malita 1.01. Molarity ya gulukosi ndi 0.074, ndipo ya sodiyamu ndi chimodzimodzi.

Madzi akachepa

Nanga mayi akathira paketi yonse m'botolo la theka la lita? Zonse zilemera magalamu 520.5, ndipo popeza madziwo tsopano ndi okhathamira, mililita imodzi ilemera pafupifupi galamu 1.02. Izi zipereka mamililita 510. Kugawa 0.075 ndi 0.51 kumapereka 0.147. Sodiyamu wa m'magazi a munthu wathanzi amakhala pakati pa 0.135 ndi 0.145. Motero mwanayo akumwa madzi a mchere wopitirira wa m'magazi ake. Shuga wochulukayo amakokera madzi m'matumbo, kutsegula m'mimba kumakula, ndipo mchere ukachulukitsa m'thupi khanda likhoza kukomoka. Madzi akapitirira lita, Thanzi amasukuluka ndipo sabwezera mchere wotayikawo mokwanira.

Zoyenera kuchita pakhomo

Mayi safunika sikelo kapena masamu onsewa. Asambe m'manja ndi sopo, atenge madzi owiritsa ndi kuwaziziritsa kapena othira kolorini, ndipo ayeze mabotolo awiri odzaza a mamililita 500. Athire paketi yonse, asagaweko, ndipo asaonjezere shuga kapena mchere. Amwetse mwanayo pang'onopang'ono ndi supuni, osaleka kuyamwitsa. Zotsala pakapita maola 24 zitayidwe.

Mwana akamasanza chilichonse, akalowa maso, kapena akalephera kumwa, athamange naye kuchipatala cha Chambe kapena cha boma ku Mulanje. Banja losadziwa kukula kwa botolo lake lipite nalo kwa mlangizi wa zaumoyo kuti aliyeze mvula isanayambe.