Dziwani Mayunitsi Anu Asanathe

Alimi anzanga, inu amene magetsi a ESCOM anafika kale pakhomo panu, tamverani. Mwezi wa Juni anapiye angathe kufa ndi chisanu ngati mayunitsi atha pakati pa usiku mwini wake ali mtulo. Tsoka limeneli mungalipewe ndi chipangizo chodzipangira nokha.

Tengani katoni, jambulanipo mizere 30, ndipo muipachike pafupi ndi mita. Madzulo aliwonse, nkhuku zikalowa m'khola, lembani mayunitsi otsala. Mukagula ena, lembaninso. Chotserani a lero ku a dzulo, ndipo mudzaona amene mwadya tsiku limodzi. Ikatha sabata wonkhetsani, gawani ndi 7, muchulukitse ndi 30. Amenewo ndiwo mayunitsi a mwezi wonse. Mtengo wake muuone pa lisiti.

Kumbukirani kuti yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 oyaka ola limodzi. Nyale yofunditsa anapiye ya mawati 250 ikayaka maola 12 imadya mayunitsi 3, pamene babu la mawati 10 limatha maola 100 pa yunitsi imodzi.

Koma mita musaitsegule ayi. Magetsi amapha, ndiponso ndi mlandu. Ntchito yolembayi mupatseni mwana wa sukulu.