MPHAMVU YA UBUBA ITURUKA NDI MADZI NDI SOPO

Alimi ambiri a cigawo ca Kum'mawa audziwa bwino ububa, kamtengo ka masamba a ubweya kamene ena amakachula kuti mthuthu. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a bungwe la ICRAF, amene anali kugwira nchito ku Msekera pafupi ndi Chipata, analimbikitsa anthu kubzala kamtengoka m'minda yoguga kuti nthaka ibwerere mwakale. Koma ububa uli ndi nchito yaciwiri. M'masamba ace muli mankhwala amphamvu a mtundu wa rotenone, amene amapha nsabwe za m'masamba ndi tizilombo tina toononga nyemba ndi ndiwo za m'dimba.

Bvuto lagona pa kuturutsa mankhwalawo m'tsamba. Iwo sasungunuka bwino m'madzi okha, monga momwe mafuta amakanira kusakanizika ndi madzi. Pa cifukwa ici akatswiri akafuna kuwayeza amabviika masamba m'zosungunulira zaukali monga methanol, imene munthu akamwa imamcititsa khungu kapena kumupha kumene. Mafakitale opanga mafuta ophikira a soya nawo amagwiritsa nchito hexane, yocokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Hexane siicedwa kugwira moto, ndipo mpweya wace umadwalitsa anchito ngati aupuma masiku ambiri.

Maiko olemera akhala akufunafuna njira zosaipitsa madzi ndi mpweya. Ku Germany, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anayamba kucotsa caffeine mu khofi ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umacita thobvu m'botolo la Fanta. Mpweyawu akaupanikiza kwambiri umasungunula zinthu ngati madzi, ndipo akaumasula umauluka osasiya poizoni m'cakudya. Njirayi ndi yabwino ndithu, koma makina ace ndi a ndalama zambiri zedi, ndipo palibe mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke amene angawaike pakhomo pace.

Mwayi wace ndi wakuti ububa sufuna makina otere. Ofufuza a Natural Resources Institute ya ku Britain, pamodzi ndi anzao a ku Malawi ndi ku Tanzania, anapeza kuti sopo pang'ono cabe m'madzi ozizira amathandiza kukoka mankhwalawo m'tsamba. Sopo amacita monga momwe amacitira pa mbale ya mafuta: amagwira zimene madzi akana, nazilowetsa m'madzimo. Amathandizanso kuti mankhwala amamatire pa tsamba la mbeu. Pa mayeso a m'minda ya nyemba ku Tanzania, amene zotsatira zace zinalembedwa mu 1915 ndi zaka 100 pamwamba, ndiko kuti mu 2015, madzi a ububa anacepetsa tizilombo, ndipo sanaphe akangaude ndi tizilombo tina tothandiza mlimi monga momwe anacitira mankhwala a m'sitolo.

Kakonzedwe kace nkotere. Thyolani masamba ndi kuwayanika pa mthunzi, cifukwa dzuwa limapha mphamvu ya mankhwalawa. Akauma asinjeni kufikira atakhala ufa. Thirani kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi, onjezani masipuni ang'ono awiri a sopo wamadzi, takasani, ndi kusiya usiku ndi usana umodzi. Sefani ndi nsalu kuti zinyalala zisatseke kamwa la copopera. Popera madzulo dzuwa litapendeka, osati masana. Madzi otsala musasunge kufikira sabata yamawa. Konzani atsopano nthawi iriyonse.

Pali cinthu cimodzi cimene cakhumudwitsa alimi ena, nafika ponena kuti alangizi anawanamiza. Mu 2012 ofufuza omwewo analengeza kuti ububa uli wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, koma umodzi ulibe konse mankhwala opha tizilombo. Mwa mitengo imene anaiyeza ku Malawi, pafupifupi umodzi mwa inai iriyonse unali wa mtundu wopanda mphamvuwo. Mtundu umenewo umakonza nthaka bwino lomwe, koma nsabwe suzigwetsa. Motero nkwanzeru kuyamba mwayesa pa mizere iwiri kapena itatu ya nyemba, ndipo mukaona kuti nsabwe zafa, sungani mbeu ya mtengo umenewo ndi kugawirako anansi.

Tisaganize kuti cinthu cocokera ku tsamba sicingapweteke munthu. Posinja ndi popopera phimbani mphuno ndi pakamwa ndi nsalu, ndipo sambani m'manja mukatha. Mtondo wosinjira ububa usakhale womwewo wokonolera cimanga. Ndiwo zopoperedwa zidikire masiku angapo, ndipo zitsukidwe bwino zisanalowe mumphika.

Makolo athu anadziwa ububa poyamba monga mankhwala ophera nsomba, ndipo sanalakwe: rotenone imapha nsomba msanga kopambana tizilombo, zazikuru ndi tiana tomwe. Lamulo la dziko la Zambia limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Cotero ndowa ndi copopera zitsukidwe kumunda, kutali ndi mtsinje, damu kapena dziwe la nsomba, ndipo zotsalira za masamba zikwiriridwe m'nthaka momwemo.