Kodi mumadziwa? Ku Tete namondwe amabwera ndi mtsinje

Kodi mumadziwa kuti kutentha konse kwa ku Nyungwe (Tete), kuja kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala, sikungabale namondwe? Namondwe ndi mwana wa nyanja. Amafuna madzi ofunda osachepera madigiri 26.5, ndipo ofundawo akhale ozama pafupifupi mamita 50. Miyala ndi malambe a ku Tete zingapse motani, zilibe nthunzi yomudyetsa.

Kodi mumadziwa kuti chakudya chake ndi nthunzi basi? Mpweya wofunda wachinyezi umakwera kuchoka pa nyanja. Ukafika m'mwamba umazizira, nthunzi n'kusanduka mitambo, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha komwe kumakankhira mpweyawo m'mwamba kwambiri. Pansi pamatsala mpata, mpweya wina n'kuthamangira pomwepo kuchokera mbali zonse. Zikapitirira masiku angapo popanda mphepo yam'mwamba yodula mutu wa mitamboyo, chinthu chija chakula.

Nanga kuzungulira kuja? Kumachokera ku dziko lenilenilo, lomwe limazungulira n'kumakhotetsa mphepo. Kuno kummwera kwa ikweta namondwe amazungulira motsata mivi ya wotchi, kumpoto amazungulira mobwerera. Pa ikweta penipeni mphamvu yokhotetsayo palibe, n'chifukwa chake anamondwe sabadwa kawirikawiri m'kati mwa madigiri asanu kuchokera pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti pakati pake pamakhala bata? Pamatchedwa diso. Mphepo imaleka, nthawi zina nyenyezi n'kuoneka. Wotuluka panja kukatola malata nthawi imeneyo walakwitsa, chifukwa mphepo yoopsa koposa imazungulira m'mphepete mwa disolo, ndipo ikabwerera imachokera mbali ina.

Dzina limapatsidwa mphepo ikafika liwiro la makilomita 63 pa ola. Ikafika 118, ndiye namondwe wokhwima. Mbali yathu ya nyanja ya Indian imayang'aniridwa ndi akatswiri a Météo-France pa chilumba cha Réunion, pomwe udindo wotchula dzina uli ndi Mauritius ndi Madagascar, kutengera mndandanda womwe mayiko a chigawochi amapereka. Dzina loti Idai linachokera ku Zimbabwe. Freddy analipatsidwa ndi a ku Australia, poti anabadwira kumeneko. Ku Mozambique machenjezo amatuluka ku INAM, nthambi yoona zanyengo.

Ku America amati hurricane, ku Japan ndi ku Philippines amati typhoon. Chilombo n'chimodzimodzi. Kumene amachuluka koposa ndi kumadzulo kwa nyanja ya Pacific, kumpoto kwa ikweta.

Kodi mumadziwa kuti Angola ndi Namibia, ngakhale ali m'mbali mwa nyanja monga Mozambique, anamondwe otere sawadziwa? Madzi a kumeneko ndi ozizira chifukwa cha madzi oyenda m'nyanja otchedwa Benguela ochokera kummwera. Madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar ndi ofunda ngati osambira khanda. Nyengo ya anamondwe kuno imayamba pa 15 Novembala kufika pa 30 Epulo, koma miyezi yoti munthu agone khutu lili pa wailesi ndi Januwale, Febuluwale ndi Marichi.

Tsopano za kwathu. Tete ali kutali ndi nyanja, makilomita mazana angapo. Namondwe akangoponda mtunda amayamba kufa ndi njala, mphepo yake n'kumachepa. Koma madzi omwe wasenza sawataya panjira onse. Amakawakhuthula m'mapiri, ndipo madzi a m'mapiri amadziwa njira yotsikira ku Zambezi. Mtsinje wa Revubwe umayambira kumtunda kwa Angonia, kufupi ndi malire a Malawi, n'kudzathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mvula ikhoza kugwa kutali, anthu a ku Chingodzi mumzindawu osaiona bwino, usiku madzi ali m'nyumba.

Ena amati, kodi si tili ndi damu la Cahora Bassa? Lilipo, koma lili kumtunda. Revubwe amalowa mu Zambezi kumunsi kwake, ndiye damulo silingamugwire ngakhale dontho.

Kodi mumadziwa kuti Idai anavulaza Tete asanakhale ndi dzina? Kumayambiriro kwa Marichi 2019 anali kamphepo kofooka komwe kanalowa kumtunda n'kuzungulirazungulira pamwamba pa Zambezia, Tete ndi kummwera kwa Malawi. Revubwe anasefukira, nyumba zinamira, mlatho wa pa mtsinjewu wopita ku Moatize unawonongeka. Kenako kanabwerera kunyanja, kanadya nthunzi, kananenepa, n'kukagwera Beira usiku wa pa 14 Marichi. Anthu opitirira 1,000 anafa m'mayiko atatu: Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Patangotha masabata asanu ndi limodzi Kenneth anagwera Cabo Delgado.

Ndiye kunabwera Ana. Dzinali kwa ife limamveka ngati la tiana tosewera pabwalo, ndipo kunena za mphepo analidi mwana: sanafike n'komwe pa liwiro la namondwe wokhwima. Anafika kumtunda chakufupi ndi Angoche pa 24 Januwale 2022. Komatu ndi yemweyo anagwetsanso mlatho wa pa Revubwe womwe unali utangokonzedwa, ndipo mkulu wa boma la Tete, José Maria Mandere, anafa galimoto yake itakokoloka ndi madzi akupita kukaona zomwe zinachitika. Ku Malawi Ana anaphwanya damu la Kapichira pa Shire, magetsi pafupifupi mamegawati 130 n'kuzima kwa nthawi yoposa chaka. Ine ndimaona kuti mawu oti namondwe wofooka amapusitsa anthu a kumtunda. Muyeso umenewo ndi wa mphepo yokha, sunena kuti wanyamula mvula yochuluka bwanji.

Kodi mumadziwa kuti namondwe yemwe anakhalitsa kuposa onse olembedwa m'mabuku anathera kuno? Freddy anayamba kumayambiriro kwa Febuluwale 2023 pakati pa Australia ndi Indonesia, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kufika chakufupi ndi Vilankulo pa 24. Anthu atati watha, anabwerera kunyanja kukatenga mphamvu zina, ndipo pa 11 Marichi anagwera Quelimane. Bungwe la dziko lonse loona zanyengo, WMO, linawerenga masiku 36. Ku Blantyre chomwe chinapha anthu ambiri sichinali mphepo ayi, koma matope ndi miyala yomwe inatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe.

Ndipo woopsa koposa m'mbiri, wa ku Bhola mu Novembala 1970, m'dziko lomwe lero ndi Bangladesh, anapha anthu osachepera 300,000. Ambiri mwa iwo anamira m'madzi a nyanja omwe mphepo inawakankhira kumtunda usiku.