Balani ikakana kutentha, muyambire pati?

Chaka chatha mwezi wa February, amalume anandiimbira foni cha m'ma 9 koloko usiku. "Mphwanga, si paja umaphunzitsa za kutentha? Tabwera, balani yakana." Ndinapalasa njinga kuchoka pa Chisemphere mpaka kumudzi. Ndinapeza fodya wa flue-cured ali thothotho pa mikangala, tsiku lachitatu, masamba atachita chikasu, koma thermometer itangoima pa 38°C.

Masiku oyamba fodyayu amafuna kutentha kwa pakati pa 32 ndi 38°C kuti achite chikasu. Kenako mumakweza pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 55°C kuti tsamba liume, pomaliza cha m'ma 70°C kuti msempha wapakati uume. Mukachedwa kukweza, chikasu chija chimada, ndipo ku msika wa Chinkhoma mtengo wake umagwa. Thukuta la chaka chonse linali pachiswe.

Amalume ankangowonjezera nkhuni. Ine ndinati, "Dikirani kaye amalume, titsatire njira imene kutentha kumadutsa."

Tinayamba ndi choyezera. Mu simbi yamagetsi muli thermostat: tizitsulo tiwiri tosiyana tomatidwa pamodzi. Tikatentha, kena kamatalika kuposa kanzake, choncho timapindika n'kudula magetsi. Tikazizira timawongoka n'kulumikizanso. Pa balani, thermostat ndi munthu: maso pa thermometer, manja pa nkhuni. Ndiye choyezera chikanama, naye amalakwitsa. Chikakhala pafupi ndi mapaipi chimakweza nambala, pafupi ndi chitseko chimatsitsa. Chathu chinali pakati pa masamba a m'munsi, pamalo pake. Sichinkanama.

Chachiwiri, nkhuni. Nditaponya chikuni chimodzi m'ng'anjo, chinayamba kulira "tsiii", thovu likutuluka kumapeto. Zinali zaziwisi. Mukukumbukira latent heat? Kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi owira kukhala nthunzi kumadya pafupifupi 2,260 kJ. Koma kutenthetsa madzi omwewo kuchoka pa 0 kufika pa 100°C kumangodya 420 kJ. Mtengo wongodula kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake limatha kukhala madzi. Ndiye moto umatangwanika ndi kuumitsa nkhuni, fodya n'kumadikira.

Tinasintha, tinaika zouma. Thermometer inafika pa 41°C n'kuimanso. Malawi anali aulesi, utsi ukubwerera kukamwa kwa ng'anjo.

Apa ndiye pali Physics yokoma. Balani ilibe fani. Chimene chimakoka moto ndi chumuni. Mpweya wotentha umafutukuka, density yake n'kuchepa, choncho umakwera m'chumuni. Pansi pressure imatsika, ndipo mpweya wozizira wakunja umakankhika kulowa m'ng'anjo, utanyamula oxygen. Iyi ndi convection ija ya m'kalasi. Utsi umadutsa m'mapaipi osakhudza fodya. Mapaipiwo ndi amene amatenthetsa mpweya wa mkati.

Kukokako kumafa m'njira ziwiri: njira ikatsekeka ndi phulusa kapena mwaye, kapena paipi ikabooka. Munayamba mwamwapo Fanta ndi kapaipi kong'ambika? Mumangokoka mpweya. Chumuni nacho n'chimodzimodzi: chimakoka mpweya pabowo m'malo mokoka moto.

Tinatsitsa moto, tinatsegula chitseko, ndinaunika ndi tochi. Pamene paipi imalowa m'chumuni, dothi lomatira linali litang'aluka, mpata wolowa zala ziwiri. Tinamata ndi dothi la pachulu, tinapala phulusa, kenako tinayatsa timitengo touma kuti chumuni chitenthe msanga, chifukwa chumuni chozizira sichikoka bwino. Posakhalitsa moto unayamba kulira "huu". Mawindo a mpweya nawo anali otsegula kwambiri, akutaya kutentha. Tinawachepetsa osawatseka, poti chinyezi cha masamba chimafunika potulukira. Kunja kukucha tinali pa 46°C, tikukwera mwa dongosolo.

Chenjezo: musalowe mu balani yotuluka utsi muli nokha kapena chitseko chili chotseka. Moto wosowa oxygen umatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo koma wakupha.

Ndondomeko yomweyi imagwira pa simbi, pa uvuni wa buledi, ngakhale pa makina oswetsera mazira: choyezera, gwero la mphamvu, njira yake, ndi pomwe ikuthawira. Yambani ndi chosavuta, ndipo sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Funso la sabata ino: chumuni chachitali chimakoka bwino kuposa chachifupi. Chifukwa chiyani? Gwiritsani ntchito mawu oti density ndi pressure, tidzakambirana Lolemba.