Gitala ya besi ya matabwa: zofunika kudziwa mmisiri asanadule thabwa

M'makwaya ndi m'magulu oimba a achinyamata ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, chida chimene chimasowa kawirikawiri ndi gitala ya besi. Ya m'sitolo imafuna ndalama zimene alimi amaziona kamodzi pachaka, akagulitsa kachewere kapena fodya, ndipo ikawonongeka wokonza amakhala kutali, ku Tete kapena ku Lilongwe. Koma kalipentala amene amatha kukhoma chitseko chosakhota angathenso kupanga besi yolira payokha, yomwe imalumikizidwanso ku sipika.

Luso lotere si lachilendo kuno. Kutsidya kwa malire kuli babatoni, besi ya nsambo imodzi yokhala ndi khosi lalitali ndi thupi longa ng'oma lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi gulu la Madalitso Band la ku Lilongwe aimba nayo mpaka ku Ulaya. Besi ya nsambo zinayi, imene Leo Fender anaitchukitsa ku America kuyambira mu 1951, imasiyana ndi babatoni pa chinthu chimodzi chachikulu: simalola kuyeza ndi maso.

Ntchito imayambira pa thabwa. Mbawa, umene pa Chipwitikizi amati umbaua, ndi wabwino pa khosi, m'mbali ndi kumsana kwa bokosi. Mlombwa, kapena kuti umbila, nawonso umagwira. Pamwamba pa bokosi pamafunika thabwa lopepuka lopanda mfundo, monga paini, lopalidwa mpaka litatsala mamilimita pafupifupi 3, chifukwa ndi limene limanjenjemera n'kutulutsa mawu. Kunsi kwake amamatako timitengo tiwiri topingasana ngati X kuti lisabookere m'kati. Mitengo ya mbawa ndi mlombwa sidulidwa popanda chilolezo, choncho njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito chitseko, tebulo kapena bedi lakale. Thabwa loterolo linauma kalekale, pamene latsopano lokhuthala masentimita 2.5 limafuna pafupifupi chaka chathunthu pamthunzi.

Nyengo nayonso ili ndi mawu ake. Bokosi lomatidwa m'dzinja limakhala litamwa chinyezi, ndipo dzuwa la Okutobala likafika limafota n'kung'aluka. Nthawi yomata ndi m'chilimwe, ntchito yokolola itatha. Guluu woyera wa matabwa ndi wokwanira. Misomali isayandikire, chifukwa ikakhwepa imayamba kulira pamodzi ndi nyimbo.

Nsambo zinayi zikakungidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60, usana ndi usiku. N'chifukwa chake m'kati mwa khosi amagobamo ngalande n'kugonekamo chitsulo chowongoka, kenako n'kuphimba ndi thabwa lopondapo zala. Wodumpha gawoli adzaona khosi likupindika ngati uta, nsambo zitakwera moti zala sizingazipanikize.

Pamene amisiri ambiri amagwera ndi pa mafreti, tizitsulo topingasa pakhosi tija. Pa besi yodziwika, nsambo imanjenjemera pa mtunda wa mamilimita 864, kuchokera pa kafupa ka kumutu mpaka pa kathabwa kotsamirapo nsambo pabokosi, komwe oimba amati bridge. Mtundawu ukagawidwa ndi 17.817 umapereka mamilimita 48.5, ndipo apo ndi pa freti yoyamba. Otsala ndi 815.5, akagawidwanso ndi nambala yomweyo amapereka 45.8, womwe ndi mtunda wochoka pa freti yoyamba kufika pa yachiwiri. Zimapitirira choncho, mipata ikucheperachepera. Chowerengera cha pafoni chikhoza kugwira ntchito yonseyi. Umboni woti masamu ayenda bwino ndi wakuti freti ya 12 igwere pakati penipeni, pa mamilimita 432. Kulakwitsa ndi mamilimita awiri okha kumamveka, ndipo kwaya yonse imatembenukira woimba besi pamene wolakwa ndi kalipentala.

Nanga magetsi alowa bwanji? Nsambo yaikulu, ya E, imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi, ndipo bokosi loti munthu n'kulifukata silingakweze mokwanira mawu otsika chotero. M'nyumba amamveka, koma m'tchalitchi ng'oma zikayamba amazimirira. Chothandiza ndi piezo, kachitsulo kozungulira ngati ndalama kamene kamasandutsa kunjenjemera kwa thabwa kukhala magetsi. Amakamata m'kati mwa bokosi, kunsi kwa bridge, n'kulumikiza mawaya ake awiri pa bowo lolowetsapo chingwe. Kakalumikizidwa mwachindunji ku ampulifaya wamba mawu amatuluka owonda, choncho pakati pamafunika preamp yoyendera batire ya mavoti 9. Sipika ikayamba kulira mosokosa, kutseka bowo la pabokosi ndi kachidutswa ka labala kumachepetsa vutolo. Nsambo ndi makiyi okungira ndi bwino kugula zenizeni. Waya wa m'tayala umakoma pa babatoni, koma sungapereke mawu anayi a E, A, D ndi G.

Chomaliza ndi kuyesa bridge isanamatidwe. Mmisiri alize nsambo yosaponda, kenako aiponde pa freti ya 12. Mawu ayenera kukhala omwewo, atangokwera. Akakwera mopitirira, bridge isunthidwe mamilimita ochepa kutalikirana ndi khosi, n'kuyesanso nsambo zonse zinayi, guluu asanatsegulidwe.