Kafue, tauni imene opita ku Siavonga amangoidutsa

Zambia ilibe nyanja yamchere, koma anthu a mu Lusaka akafuna kukapuma m'mbali mwa madzi amadziwa kolowera. Loweruka m'mawa magalimoto amatuluka pa Kafue Roundabout, kudutsa Chilanga, kulipira pa geti la Shimabala, ulendo wa ku Siavonga pa nyanja ya Kariba, makilomita pafupifupi 200. Ambiri Kafue amangoionera pawindo. Ife taima pamene iwo saima.

Tauniyi ili makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka, ndipo inakula ndi njanji. Mu 1906 omanga njanji yochokera ku Livingstone anaoloka mtsinje wa Kafue ndi mlatho wa zigawo 13, wotalika mamita 427, umene sitima zikudutsabe mpaka lero. Mlatho woyamba wa magalimoto unachokera kutali: zitsulo zake zinali pa mtsinje wa Thames ku London nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo bungwe la Beit Trust linazigula n'kudzazimanga pano mu 1949.

Dziko litalandira ufulu, boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti pano pakhale mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, Kafue Textiles inkaluka nsalu, ndipo nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira antchito. Fakitale ya nsalu inatsekedwa kalekale. Ya zitsulo inabwera pambuyo pake, komabe amene anakulira ku Estates akamakamba za masiku aja amakamba ngati za m'bale amene anatisiya.

Chimene sichinaleke kugwira ntchito ndi mtsinje. Ena mwa madzi amene Lusaka imamwa amapopedwa pa Iolanda, pafupi ndi tauniyi. Kumunsi kwake, pamene mtsinje umalowa m'mapiri, siteshoni ya Kafue Gorge imatha kupanga magetsi okwana mamegawati 990, ndipo yatsopano ya Kafue Gorge Lower imaonjezera 750. Munthu amene amamwa madzi amenewa n'kuyatsa getsi limeneli ayenera kuimako ngakhale ola limodzi, akauone mtsinjewo ndi maso.

Poima pabwino ndi cha ku mlatho. Galimoto ikangochepetsa liwiro, amayi amaimirira pa mabeseni awo n'kukweza nsomba m'mwamba, bream ya mu Kafue, ya mtundu umodzi ndi chambo. "Bwerani, atate, za lero izi!" Wogula wodziwa amayang'ana m'makha ngati muli mofiira, n'kudina mnofu ndi chala. Kuseri kwawo mtsinje ndi wotakata, woyenda mwakachetechete, mabwato a asodzi akulambalala namasupuni amene nthawi zina amaphimba madzi. Mtsinjewu uli ndi mabala ake. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi la Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba n'kufa kumtunda uko. Zimene zimatayidwa ku Copperbelt zimadetsa nkhawa mayi wogulitsa nsomba pa mlatho uno.

Musanachoke m'tauni thirani mafuta, ndipo muonetsetse kuti mabuleki ali bwino. Mukaoloka mlatho mufika pa Turnpike, pamene msewu wa ku Mazabuka ndi Livingstone umapatukira kumanja. Inu pitirirani ndi wa ku Chirundu. Apa ndiye pali ulendo weniweni: msewu umakhotakhota kutsika mapiri, chigwa cha Zambezi chikuonekera patali, mitengo ya malambe ikuyamba kuchuluka, mphepo ikutentherabe. Pa Kapiringozi musapikisane ndi mathiraki opita ku Zimbabwe, pakhala pakuchitika ngozi zambiri, ndipo ndi bwino kutsikapo dzuwa likadalipo.

Musanafike ku Chirundu mupatukire kumanja, kulowera ku Siavonga. Chapafupi pomwepo pali mitengo yakale kwambiri imene inasanduka miyala, ndipo cha ku Lusitu kuli Ingombe Ilede, pamene panafukulidwa manda okhala ndi mikanda ya golide ndi mkuwa. Miyezi yabwino ndi May mpaka August, chifukwa mu October chigwacho chimaotcha zedi. Kapenta mukagule ku Siavonga, koma bream muigule pa mlatho pobwerera, kuti ikafike ku Lusaka isanaonongeke.